Makatuni a ku Japan afika ku Luembe, koma wovomela kuti "tili tonse" palibe

Mwezi ukatha, pitani pa Intercity m'mamawa mukaone katundu wopita kum'mawa. Shuga, saladi, sopo, mcele, citenge ca ambuya, nsapato za kusukulu. Pakati pa zonsezi pamakhala kanthu kocepa ngati cikhadabo: memory card, ili m'foni yakale imene mwatopa nayo ndipo mwati ipite kumudzi. Inu munafuna nyimbo za kwaya cabe, kuti amai azimvetsela. Koma mnyamata wa pa kashopu koikila nyimbo anakufunsani kuti, "Ba boss, niikemo na va bana?" Inu, maso ali pa nthawi, munangoti ika. Manje funso ni ili: kodi mudziwa cimene munatumiza?

Basi idzadutsa Chongwe na Rufunsa, idzaoloka mlatho wa Luangwa, idzakwela mapili a Kacholola n'kukaima pa Nyimba, paja azimai a nthoci amathamangila mawindo. Kucoka apo katundu akwela honda kutsikila ku cigwa, ku dziko la Mfumu Yaikulu Luembe. Kumeneko m'midzi yambili nthambo za Zesco sizinafike, ndipo netiweki ni yocita kusakila pa culu. Koma memory card sifuna netiweki, sifuna bando. Ifuna cabe kasola kochajila foni. Ndiye madzulo a tsiku lomwelo ana aunjikana, mitu pamodzi pa kasikilini kamodzi, kutamba Naruto, Goku, Luffy na Tanjiro. Awa ni makatuni a ku Japan, amene eni ake amati anime. Amene tinawakweza basi ndife a m'tauni.

Nkhani ya makatuni awa ikabuka mu minibasi, anthu amagawikana pawili. Gulu loyamba limati, "Aa, ni tukadoli cabe, va bana, asiyeni azitamba, bola sakulila." Gulu laciwili, kambili amai a Baibo pa miyendo, limati, "Ivo ni va Satana, mwana wanga sangatambe." Ine niona kuti onse awili aphonya, ndipo aphonyela pamodzi: palibe amene anakhalapo pansi kutamba olo cigawo cimodzi. Woyamba apatsa mwana foni n'kucokapo. Waciwili alanda foni n'kucokapo, mwana n'kukatambila kwa aneba. Kuno na uko, mwana atsala yekha na nkhani yaikulu kuposa msinkhu wake. Vuto lagona pamenepo.

Tiyambe tamudziwa mlendo wathu. Anime si cinthu ca dzulo. Pa 1 January 1963, TV ya ku Japan inayamba kuonetsa Astro Boy, nkhani ya kamnyamata ka makina yolembedwa na Osamu Tezuka, ndipo kucokela apo makatuni a mlungu na mlungu anasanduka malonda aakulu. Nthawi zambili nkhani imayamba monga zithunzi za m'magazini, zimene amati manga. Ikakondedwa, ndiye amaipanga ya pa TV. Dragon Ball ya Akira Toriyama inayenda conco, One Piece ya Eiichiro Oda conco, Naruto ya Masashi Kishimoto cimodzimodzi. Musaike pamodzi na Tom and Jerry, nthabwala za mphindi zocepa zimene zithela pomwepo. Iyi imakhala nkhani imodzi yaitali. Munthu akulila m'menemo, aluza, afedwa, akwatila, abala ana.

Onani kutalika kwake. Dragon Ball Z ili na zigawo 291. Naruto yoyamba, ya 2002 mpaka 2007, ili na 220. Yotsatila, Naruto Shippuden, inatha mu 2017 itafika pa 500. Zonse pamodzi ni 720. Cigawo cimodzi cimatenga mphindi pafupifupi 23, ndiye mwana amene watsiliza Naruto yonse wakhala na mnyamata ameneyu maola oposa 270. Ni masiku 11 na theka, osagona, osadya. One Piece inayamba mu 1999, ndipo mu 2021 inafika pa cigawo ca 1,000 ikali kupitiliza. Dzifunseni, inu a malume a ku Kanyama na ku Mtendere: caka catha munaceza maola angati na muphwa wanu?

Nanga n'cifukwa ciani mwana wa ku cigwa ca Luangwa, amene Cijapanizi sacimva, Cizungu acimva mwa apo na apo, amamatilila conco? Tengani Demon Slayer, imene inayamba kuonetsedwa mu 2019. Tanjiro ni woyamba pa ana 6, atate ake anamwalila. Akhala ku phili, ndipo nchito yake ni kuocha malasha, kuwabeleka pamsana n'kutsika nao ku tauni kukagulitsa. Ee, malasha, omwe aja mumaona m'masaka atandandalikidwa m'mbali mwa Great East Road. Tsiku lina kwamudela, agona m'njila. Pobwela apeza banja lonse laphedwa, kwatsala mlongosi wake Nezuko, nayenso wasanduka ciwanda. Tanjiro samutaya. Amuika m'bokosi, amubeleka, n'kuyamba ulendo wofuna comucilitsa. Kwa Ansenga, kumene mwamuna amakula adziwa kuti mlongosi wake na ana ake ni mbumba yake, nkhani iyi sifuna womasulila.

Naruto nayenso ni wa kwathu. Ni mwana wamasiye amene mudzi wonse umamusala cifukwa ca cilombo, nkhandwe ya micila 9, cimene anacitsekela m'thupi mwake ali khanda. Makolo auza ana ao kuti osasewela naye. Iye alumbila kuti tsiku lina adzakhala mtsogoleli wa mudzi womwewo. Ni mudzi uti pakati pa Nyimba na Petauke umene ulibe mwana woleledwa na ambuya, wolozedwa zala cifukwa ca matenda amene anatenga makolo ake, kapena cifukwa ca manong'onong'o a ufiti pa banja lao? Mwana wotelo akatamba Naruto adziona yekha.

Kwa amai a Baibo ninene mwaulemu: mantha anu niwamva. Muli ziwanda m'makatuni awa, muli mizimu, muli anthu ouluka. Koma kumbukilani nthano zimene munamva pa moto muli atsikana. Munalibe cilombo comeza mudzi wonse, mpaka kamwana kamodzi n'kucitumbula? Munalibe fisi wobwela ngati mkamwini, na mtsikana wokwatiwa na njoka? Ajapanizi naonso anatapa m'nkhokwe ya makolo. Ziwanda za mu Demon Slayer amazicha oni, dzina la zimphona za m'nthano zao zakale. Nkhandwe ya micila 9 ni ya m'nthano za ku China na ku Japan. Goku mwini wake anacokela kwa Mfumu ya Anyani ya m'buku la ku China la zaka za m'ma 1500, Journey to the West. Cilombo m'nthano ni cida cophunzitsila. Cofunika kufunsa n'cakuti cagonja bwanji, ndipo mwana watolapo ciani.

Koma a gulu loyamba musaombe m'manja, cifukwa inu ndiye muli pa ngozi yaikulu. Cinthu kukhala cojambula na pensulo sikutanthauza kuti n'ca ana. Mu Demon Slayer imeneyi, ciwanda cimafa akacidula mutu kapena dzuwa likaciomba, ndipo sabisa: magazi ali mbwee, manja oduka, mitembo ya ana. Mu Attack on Titan, imene inayamba mu 2013, zimphona zimadya anthu amoyo, ndipo pa cigawo coyamba ceniceni mwana aona amai ake akudyedwa. Palinso makatuni ena a ku Japan amene ni zamalisece zenizeni, opangila akulu-akulu. Pa cithunzi ca panja onse aoneka cimodzimodzi, maso aakulu na tsitsi losongoka. Mnyamata wa pa kashopu alibe nthawi yosankha. Amakopa folda yonse.

Ku Japan kwenikweniko amasiyanitsa. Demon Slayer na Attack on Titan zinayamba kuonetsedwa usiku kwambili, ana atagona, pamene One Piece kwa zaka zambili inali ya pa Sondo m'mawa. Zina anaziphunzila movutikila. Pa 16 December 1997, cigawo cina ca Pokémon cinali na kuwala kofiila na kwabuluu kothwanima mofulumila, ndipo anthu 685, ambili a iwo ana, anathamangila nao ku zipatala, ena akugwa ngati a khunyu. Pulogilamuyo inaima miyezi inai, ndipo nyumba za TV zinaika malamulo atsopano. Ndiye eni ake ali na nthawi yoikika, ali na malamulo. Memory card yopita ku Luembe ilibe ciliconse ca izi. Akulu anati mlendo amabwela na kalumo kakuthwa. Zoona, koma kalumo sitisiyila mwana wa zaka 6 n'kupita kumunda.

Manje tibwele ku cimene niona kuti casoweka. Nthano ya kwathu sinali ya munthu mmodzi. Ambuya akati "Panangokhala," ana onse amavomela "Tili tonse," ndipo amavomela conco mpaka kumapeto. Mau awili amenewo anali na nchito. Wosimba amadziwila pomwepo amene wagona, amene wacita mantha, amene sanamvetse. Akaona kamwana kakufinyikila kwa mkulu wake, amacepetsa ukali wa cilombo, kapena kuyambitsa kanyimbo. Pothela pake amafunsa, kapena kungoponya mwambi. Foni sicita izi. Siona misozi. Cigawo cikatha imayamba cina, mpaka batili ithe. Mwana akapita kukagona na mutu woduka m'maso mwake, m'nyumba yamdima, kunja fisi akulila, palibe amene adziwa.

Ndipo musaganize kuti kufuna mnzako wotamba naye ni za kumudzi cabe. Mu March 2018, pamene Dragon Ball Super inali kutha, mizinda ina ya ku Mexico inaika masikilini aakulu pa mabwalo, anthu masauzande n'kusonkhana kukuwa pamodzi ngati ife Chipolopolo ikamenya cigoli. Pa YouTube pali acinyamata amene amadzijambula akutamba cigawo, kukuwa, kulila, kugwila mutu, ndipo anzao ambili amatamba iwo. Poyamba cimaoneka ngati misala, kutamba munthu amene akutamba. Koma ni njala yomweyi. Munthu amene watamba yekha afuna wina woti, "Naine naona." Ni "tili tonse" wa pa foni.

Kumudzi ana adzipezela okha njila. Makatuni ambili amabwela m'Cijapanizi, na mau a Cizungu olembedwa pansi, othamanga. Wa Giledi 2 sangawagwile. Ndiye pa kagulu kalikonse pamapezeka mmodzi wokulilapo amene amawelenga n'kumasulila anzake m'Cinsenga, kuthilako na kamcele kake. Uyu musamupeputse. Ku Uganda kumasulila mafilimu m'Ciluganda ni nchito yodyela, ndipo oicita amawacha ma VJ. Mafilimu omasulidwa m'Cicewa ocokela ku Malawi ambili a ife tinawatambapo. Mwana uyu akuwelenga Cizungu popanda womukakamiza, ndipo akuphunzila kusimba. Koma onani kuti iye ndiye wakhala ambuya wa gululo ali na zaka 13. Zimene sanamvetse, onse sanamvetse. Zimene zamuopsa, alibe womufunsa.

Nimva kale wina kumpando wakumbuyo akuti, "Ba mtolankhani, ise tili mu Lusaka, tinyamuka 05, tibwela 20 hours, mwana ali ku Luembe. Titambe naye bwanji?" Mwakamba zoona. Koma pali zinthu zitatu zimene zitheka, ndipo palibe cofuna ndalama zambili.

Coyamba, musatumize cimene simunatsegule. Cigawo cimodzi ni mphindi 23. Kucoka pa Kulima Tower kufika ku Chelston nthawi ya jamu mutha kutsiliza ziwili. Valani ma earphone, tambani coyamba ca mu folda iliyonse. Simufunika digili kuti mudziwe ngati ici n'coyenela mwana wa zaka 7. Cimene cakudzidzimutsani inu, fufutani, kapena sungilani wa zaka 16. Cimene mungacite naco manyazi wokhala pafupi nanu pa mpando akasuzumila, cisakwele basi ya kum'mawa.

Caciwili, foni ikhale m'manja mwa wamkulu, ndipo itambidwe pabwalo, osati m'bulangeti. Uzani ambuya kapena alongosi anu kuti zigawo ziwili zakwana, pambuyo pa homuweki na nchito za pakhomo. Ku cigwa nchito ya mwana siocepa: kutunga madzi, kutsekela mbuzi, ndipo cimanga cikakhwima banja limacezela kumunda kuingitsa njovu. Mwana amene watamba mpaka 23 hours adzawodzela m'kalasi, ndipo sukulu yaulele imene boma linayambitsa mu 2022 siphunzitsa mwana wogona. Ambuya akhalepo olo sakumva, mwana awamasulile. Mudzadabwa. Nkhalamba ikamva za mnyamata wobeleka mlongosi wake m'bokosi siikhala cete. Iyamba, "Ico cifanana na cija ca uja," ndipo nthano imene inagona zaka 20 yauka.

Cacitatu, mukatuma foni pa Sondo musathele pa "Mwadya? Kusukulu bwanji?" Mayankho ake muwadziwa kale: ee, bwino. Funsani kuti Tanjiro wafika pati. Funsani cifukwa cake amamvela cifundo ciwanda cimene iye mwini wacigonjetsa. Funsani kuti akanakhala Naruto, akanamukhululukila mnzake Sasuke amene anathawa mudzi? Mwana amene amayankha liu limodzi-limodzi adzakamba mpaka talk time ithe. Ndipo m'kukamba kumeneko mudzamva zimene sakananena poyela: amene amamumenya kusukulu, amene wamuyewa, cimene cimamuopsa usiku.

Pali na nkhani ya kumbuyo kwa kope. Tsegulani kope la masamu la mwana wotamba makatuni awa, mudzapeza Goku wa tsitsi ngati minga pa tsamba lothela. Ambili timakalipa kuti awononga pepala. Taganizani kawili. Mu 1965 Tezuka yemwe uja anatulutsa Kimba the White Lion, nkhani ya mkango wa mu Africa, yojambulidwa ku Tokyo. Anthu akutali anaona kuti nyama zathu ni nkhani yogulika, ife tili nazo kuseli kwa munda. Panapita zaka zambili kuti pa 20 July 2023 Netflix itulutse Supa Team 4, makatuni a atsikana anai a mu Lusaka wa mtsogolo, oyambitsidwa na Malenga Mulendema, mwana wa Zambia, nyimbo yake yoimbidwa na Sampa the Great. Ndiye zitheka. Koma Kalulu akali kuyembekezela womujambula. Ng'ona za mu Luangwa, msodzi na bwato lake, mlenje na njovu, maulendo a makolo pofika ku cigwa, zonsezi zili m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalamba zikutha. Mwana wodziwa kujambula Goku dzanja ali nalo kale. Cimene alibe ni nkhani, ndipo nkhaniyo ili na ambuya amene akhala pa mphasa, mamita asanu kucoka pa foni.

Sitingatseke Great East Road kuti Naruto asapite kum'mawa, ndipo sitifunika kutelo. Ana a ku Luembe ali na ufulu wosangalala na zimene ana a ku Kabulonga asangalala nazo. Koma wa ku Kabulonga ali na TV ya pa sitting room, makolo odutsa-dutsa, na PIN yotsekela zosayenela. Wa kumudzi ali na inu cabe, na cimene mwasankha kumutumizila. Ulendo wotsatila, ikamponi kope limodzi lopanda mizele na mapensulo awili. Ndipo muuzeni mtengo wake: zigawo ziwili za ku Japan, nthano imodzi ya ambuya. Aimve, aijambule, akutumizileni na basi yobwela.